Chaka Chomwe Tinalipira Lendi ndi Mondokwa

Pangodya ya munda wathu panali kachipilala ka simenti, kafupi kosafika m'bondo mwanga, kolembedwa manambala pamwamba. Ndi pomwe ndinkakhala podya chinangwa chophika tikapuma kulima, ndipo m'maŵa simentiyo inkazizira mpaka kuloŵerera diresi. Amalume anandiuza kuti tizipilala tinayi totere ndi timene tinkasonyeza poyambira ndi pothera malo athu, ndipo wozula kamodzi kokha ankakagona kupolisi. Ine ndinkakalemekeza kachipilalako kuposa momwe ndinkalemekezera akuluakulu ena a m'dera lathu. Ndinali ndi zaka khumi, m'Sitandade 4, ndipo ndinali ndisanaonepo chinthu cha boma chimene mwana angachikhalire osakalipiridwa.

Ndikuti malo athu chifukwa ndi momwe tinkanenera, koma malowo anali a boma. Ife tinkakhala ku Bangwe, m'kanyumba ka zipinda ziŵiri, amayi ndi ine basi. Bambo anali ku Joni, kumigodi, ndipo makalata awo ankabwera kaŵirikaŵiri kusiyana ndi ndalama zawo. Amalume, mlongo wawo wa amayi, anali mesenjala pa kampani ina ku Limbe, munthu wosaphonya nkhani. Ndiwo anamva kuti boma likudula timinda kuseri kwa phiri kuti anthu a m'tauni azilima n'kumalipira pachaka. Anathamangira kukalemba fomu, ndipo dzina lawo ndi lomwe linaloŵa papepala, poti ndiwo anali eni mbumba komanso ankadziŵa kusaina. Khasu linali la amayi.

Malamulo ake anali ochepa koma osapindika. Unkayenera kulima motsata alangizi, kubzala mbewu ya makono imene iwo ankanena, ndi kulipira lendi tsiku lake lisanapitirire. Ukalephera, munda unkapita kwa wina, ndipo enawo analipo ambiri, maina awo ali m'kaundula kudikirira. Lendi yoyamba analipira amalume atagulitsa jekete lawo la ukwati. Yachiŵiri, ya chaka chathunthu, inkafunika pakutha pa mwezi wa Malichi, ndipo imeneyo amayi anati ndi yawo. Nthaŵi imeneyo kwacha inali itangobwera kumene, anthu akuŵerengabe m'mashereni. Koma kaya m'makwacha kaya m'mashereni, inali ndalama imene m'nyumba mwathu inali isanagonemo yonse pamodzi.

Amayi nkhani yolipira dothi sinkaloŵa m'mutu mwawo. "Ya nyumba ndimamva, achimwene, pali munthu anaumba njerwa. Nanga dothili anaumba ndani?" Amalume ankayamba asuzumira pakhomo asanayankhe, kenako ankati, "Achemwali, zimenezo muzinena chamumtima." Zaka zimenezo munthu ankasankha mawu ngakhale m'nyumba mwake. Ine, posafuna kutsalira, ndinakafunsa aphunzitsi kusukulu kuti lendi ya munda n'chiyani. Anandiuza kuti ndi kubwereka kolipira, kuti chinthucho sichikhala chako, koma palibe wokulanda mpaka chaka chamaŵa. Nditakafotokoza kunyumba, amayi anati chaka chimodzi n'chokwanira kuti chimanga chiche. Kenako anandifunsa kuti aphunzitsiwo ndinaŵauzanso chiyani, ndipo anandiyang'ana nthaŵi yaitali. Ndinali mwana wapakamwa, sindikana.

Dzinja limenelo ndi lomwe ndimalikumbuka ndikafuna kukumbuka chisangalalo. Loŵeruka lililonse, ndi masiku onse a holide, tinkanyamuka kukungocha, amayi kutsogolo ndi khasu paphewa, ine pambuyo ndi kakhasu kanga ndi kaphukusi ka chakudya. Ulendo unali wa ola lathunthu. Tikapitirira nyumba zomaliza, phokoso la mabasi linkatsala m'mbuyo, mame ankanyoŵetsa miyendo mpaka m'maondo, ndipo dothi lofiira linkamata pakati pa zala za kumapazi. Mvula yoyamba itagwa, mundawo unanunkhira ngati mtsuko watsopano. Tinatola ngumbi, tinazula boŵa m'mbali mwa chulu, ndipo maungu atayanga tinadya nkhwani mpaka ine kuyamba kudandaula.

Kumunda amayi anali munthu wina. Ku Bangwe anali mayi wofatsa, woyenda m'mbalimbali, wopereka moni maso ali pansi. Koma akangoponda mzere woyamba ankayamba kuimba m'Chilomwe, chilankhulo chimene kunyumba ankachisungira nthaŵi yokwiya yokha. Ankaseka, ankanditcha mlimi wa pa siteji ya basi chifukwa mizere yanga inkapita mokhotakhota. Lamulungu masana amalume ankabwera kudzathandiza atavala nsapato zawo za kuntchito, n'kulima mizere itatu, kenako n'kukhala pamthunzi kutionetsa matuza ndi kutilangiza za ulimi. Alangizi enieni ankabwera pa njinga kamodzikamodzi, ali ndi kandodo koyezera mipata ya mapando. Anali bambo waulemu, ndipo ankayamikira munda wathu kuti ndi wosamalika. Sankatsikira kumunsi kwenikweni, kumene kunali kamtsinje ndi tsekera wambiri, chifukwa kunali matope.

Kumunsi kumeneko ndi kumene amayi anabzala chimanga chawo.

Apa ndiyenera kunena zimene ndinadzazidziŵa nditakula. Amayi sanabadwire kuno. Kwawo kunali tsidya la malire, kuseri kwa phiri la Mulanje, ndipo anathaŵako nkhondo ine ndili kumbuyo. Amayi awo anatsala, n'kumwalira konko, ndipo mudziwo unabalalika osatsala ndi nyumba imodzi. Pa zinthu zochepa zimene ananyamula panali njere za chimanga zodzaza dzanja, zomangidwa pansonga ya nsalu. Chinali chimanga cha makolo, cholimba, choyera chosakanikirana ndi njere zofiirira, chimene anankafumbwe sachiloŵa msanga ndipo mumtondo sichinyenyeka. Zaka zonse za ku Bangwe ankachibzala kuseri kwa bafa, mapesi asanu kapena asanu ndi limodzi, kulimbana ndi mbuzi za anthu ndi ana akuba, kuti mbewuyo isafe. Chikauma ankachipachika pamwamba pa moto kuti chifuke utsi. Ine ndinkachiona chili lende pamenepo, chakuda ndi mwaye, osachiganizirapo kanthu.

Chaka chimenecho, poona kuti tsopano ali ndi malo, anatenga mbewu yonse, osasiyako ngakhale njere imodzi, n'kukaibzala kumunsi kuja patatha masabata aŵiri chibzalire cha makono, kuti mitundu iŵiriyo isasakanikirane. Munatuluka mapesi pafupifupi makumi anayi. Sanandiuze chilichonse, ndipo sindiŵaimba mlandu. Lamulo linali la mbewu ya makono, ndipo mwana amene anakafunsa aphunzitsi za lendi akanathanso kukaŵauza za chimanga cha kumunsi. Zimene ndinaona n'zakuti chimangacho chinali chachitali kuposa chinzake, ndipo chitabereka, amayi anayenda phesi ndi phesi kumanga mfundo patsamba loyandikana ndi chimanga chilichonse. Mwana aliyense wokulira kumudzi kwawo akanadziŵa kuti mfundo yotere imati ichi n'cha mbewu, usakhudze. Ine ndinali wa ku Bangwe. Nditafunsa, anangoti, "Izi ndi zabwino koposa." Ndinasunga mawu amenewo.

Mu Febuluwale chimanga cha makono chinakhwimira kuotcha, ndipo tinayamba kugulitsa mondokwa, chimanga chachiŵisi chija, pa siteji ya basi. Amayi sizinkaŵasangalatsa. Kwawo kuthyola chimanga chisanaume n'kuitana njala, koma lendi sinkadikira kukolola. Tinkakhala pafupi ndi mayi wina woyandikana nafe nyumba, Msilamu, amene ankagulitsa zitumbuwa pamalopo kuyambira kalekale. Ndiye anatiphunzitsa kukupiza mbaula ndi chivundikiro cha poto ndi kutembenuza chimanga pawaya chisanapserere. Ine ntchito imeneyi ndinaikonda kuposa kulima. Utsi wa makala, kuthetheka kwa njere pamoto, makondakitala akukuwa Limbe, Limbe, ndi matambala ofunda m'dzanja langa, zonsezi zinkandipangitsa kudzimva munthu wamkulu. Madzulo amayi ankaponya ndalamazo m'chitini chakale cha mkaka, ndipo kulira kwake kunkasintha sabata ndi sabata.

Koma chimanga cha makono chimacha pamodzi, ndipo chimauma pamodzi. Pofika pakati pa Malichi njere zinali zitalimba. Ogula ankachibaya ndi chikhadabo n'kuchibweza padengu. Wina anafunsa ngati tikugulitsa chimanga kapena miyala ya mumtsinje. Sabata lomaliza tinabwerera kunyumba ndi theka la dengu masiku atatu otsatizana. Lachisanu madzulo amalume anabwera, anakhuthula chitini palichero, anaŵerenga kaŵiri, kenako anakanda m'mutu. "Tashota, achemwali. Kwacha imodzi ndi kanthu pang'ono. Ine malipiro ndi Lachinayi, koma deti ndi Lolemba." Amayi anafunsa ngati akuofesi sangamve munthu akaŵapempha mwaulemu, mwina ndi kadengu ka maungu. Amalume anaseka mosakondwa n'kuti ku ofesi sikumudzi, kumeneko amamva risiti basi.

Aka kanali koyamba kuona mantha pankhope ya amayi chifukwa cha mundawo, ndipo inenso ndinachita mantha. Sindinkaganiza za njala kapena za tsogolo. Ndinkangoona munthu wina wachilendo akukolola chimanga chathu chouma, ndi amayi atabwerera kukhala mayi wofatsa uja wa maso pansi sabata lonse lathunthu.

Loŵeruka m'maŵa lole inabwera kudzatenga amayi onse a m'dera kupita kokayeserera magule, poti kunkayembekezeka alendo akuluakulu. Kumeneko kunalibe kukana, kaya uli ndi maliro mumtima kaya lendi. Amayi anavala nsalu yawo ya chipani, anandiuza kuti nditsuke mbale ndipo ndisachoke pakhomo, n'kukwera. Mbale ndinatsukadi. Ndili mkati motsuka ndi pomwe ndinakumbukira chimanga chachitali cha kumunsi, chobiriŵirabe, chimene amayi eni ake anati n'chabwino koposa, mpaka kuchiika chizindikiro. Ndinadabwa kuti munthu wanzeru ngati iwo angaiŵale bwanji chinthu choonekeratu chotere. Ndinatenga dengu ndi nkhata, ndinatseka chitseko, ulendo.

Ndinayenda maulendo aŵiri tsiku limenelo, ndipo mpaka lero khosi langa likaŵaŵa ndimati linayambira pamenepo. Kumunda kunali zii, mbalame zokha ndi madzi a kamtsinje. Ndinasenda chimanga choyamba n'kubaya njere, mkaka wake unandithovokera m'diso. Ndinaseka ndekha. Mapesi anali aatali moti ena ndinachita kuŵaŵeramitsa kuti ndifikire. Ndinatsata mfundo za amayi imodzi ndi imodzi, monga momwe tinkatsatira mizere m'buku la masamu, ndipo nditamaliza ndinabwereranso kuyang'ana ngati ndalumpha phesi. Tiŵiri tating'ono topanda mfundo natonso ndinathyola, poganiza kuti tigulitsika pa tambala imodzi.

Dzuŵa lili paliwombo ndinali pa siteji, thukuta lili kamukamu. Mayi wa zitumbuwa anandithandiza kukoleza mbaula. Atasenda chimodzi anachiyang'anitsitsa n'kufunsa kuti, "Amako akudziŵa zimenezi?" Ndinagwedeza mutu kuvomera, ndipo sindinaone ngati ndikunama, poti ndinkakhulupirira kuti amayi akanakhalapo akanandituma okha. Fungo la chimanga chimenecho pamoto linali lina, lotsekemera, lokoka anthu kuchokera tsidya la msewu. Ngakhale uja wa miyala ya mumtsinje anagula ziŵiri. Bambo wina wachikulire wa chipewa chong'ambika analuma kamodzi, n'kuima chilili, n'kundifunsa kuti kwathu n'kuti. Ndinati ku Bangwe konkuno. Anapukusa mutu n'kuti chimanga ichi si cha ku Bangwe, kenako anagula zitatu n'kuzikulunga m'mpango. Lisanapendeke kwenikweni dzuŵa, dengu linali pululu. Chimodzi chokha, chachikulu kwambiri, ndinachiotcha mosamala n'kuchibisa m'makoko kuti ndikapatse amayi.

Anafika madzulo atatuŵa ndi fumbi, mapazi atatupa, mawu atasasa. Anandipeza nditakhala pakhonde, lichero lili pamiyendo, matambala nditaŵayala m'mizere ngati asilikali. Anafunsa kuti ndazitenga kuti, ndipo m'mawu mwawo munali mantha akuti mwina ndaba. Ndinatulutsa chimanga chija n'kuŵapatsa ndi manja aŵiri. Atatsegula makoko n'kuona njere zofiirirazo, anakhala pansi pomwepo, pachiwundo cha khonde, osafuna ndi mpando womwe.

"Wathyola pati?"

"Kumunsi kuja munamanga mfundo."

"Zingati?"

"Zonse, amayi. Zapita ngati masikono."

Anachitembenuza chimangacho m'manja. Ine ndinkadikira kuyamikiridwa, ndipo ndinaona ngati akuchedwa. Kenako anandikokera kwa iwo, anandisisita khosi pomwe dengu linandipweteka, n'kunena kuti, "Wasenza wekha zonsezo? Wagwira ntchito, mwanawe." Chimangacho anadya pang'onopang'ono, akutongola njere imodziimodzi ndi chala, ndipo anatha nthaŵi yaitali kuposa imene munthu amathera pa mbale yathunthu ya chakudya. Ndinaganiza kuti mwina chazizira n'kulimba. Atandipatsako theka ndinakana mwaulemu, kunena kuti ndadya kale zitatu pa siteji.

Amalume atamva, anaomba m'manja n'kunditcha bwana wa kampani. Anaŵerenga, ndalama zinakwana, n'kutsalako za basi. Ndinaona amayi akuŵakodola n'kuŵanong'oneza kanthu kuseri kwa nyumba, ndipo pobwera amalume anali atasiya kuseka. Anangondigwira pamutu n'kunena kuti Lolemba ndisapite kusukulu, ndikaone ndi maso anga komwe thukuta langa likupita.

Lolemba limenelo ndinavala diresi langa la kutchalitchi. Tinaonetsa makhadi a chipani pokwera basi, tinatsika m'tauni, tinakhala pa benchi lalitali m'khonde lonunkhira polishi pamodzi ndi anthu ena ogwira mapepala ngati athu. Kalaliki anali mnyamata wa tayi, ndipo matambala athu onunkha utsi anaŵaŵerenga moleza mtima, akuŵaunjika khumikhumi. Kenako anadinda sitampu, phwa, n'kupereka risiti kwa amalume, amalume n'kupatsira amayi. Amayi sankadziŵa kuŵerenga, koma anaiyang'ana mbali zonse ziŵiri asanaipinde n'kuiika pachifuwa. Potuluka anandigulira sikono ndi chakumwa cha m'botolo, choyamba kumwa ndekha osagaŵana ndi munthu. Ndinali wokondwa mpaka m'zala za kumapazi, ndipo ndikukhulupirira kuti iwonso anali okondwa. Munda unali wathu chaka china.

Ndipo unakhaladi wathu zaka zambiri pambuyo pake. Fizi yanga ya ku sekondale inachokera m'mizere imeneyo, ndipo amayi anapitiriza kuimba akamalima mpaka msana utaŵakana. Lendi sitinashotenso. Chaka chilichonse tinkagula mbewu kusitolo monga anthu ena onse, ndipo pamwamba pa moto panalibenso chopachika. Za chimanga cha kumunsi sanandiuze ndi iwo. Anandiuza ndi amalume, ine ndili kale ndi ana anga, pa maliro a amayi, ndipo anayamba ndi kunena kuti amayi anaŵalumbiritsa kuti asadzandiuze iwo ali moyo. Kaya amayi akanapeza njira ina yopezera kwacha ija Lamulungu lisanathe, sindidziŵa. Ndadzifunsa kambirimbiri, ndipo yankho limasintha malinga ndi momwe ndadzukira.

Tsiku lomwelo la risiti, titabwerako ku tauni, amayi anati tipite kumunda ngakhale dzuŵa linali litapendeka. Sanatenge khasu kapena dengu. Anadutsa chimanga chonse cha makono, chouma bwino, cholira tswatswa ndi mphepo, osachiyang'ana n'komwe, n'kutsikira kumunsi. Mapesi anali chiimire, masamba ake akadali ndi mfundo zawo. Anayamba ndi phesi loyamba, kulipapasa ndi manja onse aŵiri kuyambira pansi mpaka pomwe akanafikira, kutsegula tsamba lililonse. Kenako lachiŵiri, kenako lachitatu. Atamaliza onse anagwada n'kuyamba kufufuza m'udzu ndi pansi pa masamba a maungu, ngati pali chimene chinagwa m'dengu.

Ine ndinali chiimire pamtunda, diresi la kutchalitchi nditalikwinya m'manja kuopa matope. Ndinaganiza kuti akuyendera ntchito yanga monga ankachitira alangizi, ndipo ndinafuna kuŵapeputsira vuto.

"Musavutike, amayi, simupeza ngakhale chimodzi. Ndinayang'ana kaŵiri."

Anadzuka, anasasa maondo, n'kundiyang'ana akumwetulira pang'ono.

"Ndaona, mwanawe. Unayang'anadi bwino."

Ndinayenda patsogolo pawo njira yonse yobwerera kunyumba, ndikudumphadumpha, ndikuganiza zokaŵauza anzanga kusukulu kuti amayi anafufuza phesi ndi phesi koma sanandipeze cholakwa.